Amene sadzitcha amuna kapena akazi: mmene mafilimu asinthira powaonetsa

Mu Meyi 2024, mpikisano wa nyimbo wa Eurovision, womwe amaonera anthu mamiliyoni ambirimbiri ku Ulaya, unachitikira mumzinda wa Malmö ku Sweden. Anapambana ndi woimba wa ku Switzerland, dzina lake Nemo. Atolankhani polemba nkhaniyi sanaiwale kutchula kuti Nemo ndi munthu woyamba wa non-binary kutenga chikhocho. Chaka cha 2023 ku New York, Alex Newell ndi J. Harrison Ghee analandira mphoto za Tony, zomwe ndi zapamwamba kwambiri pa zisudzo za pasiteji ku America, ndipo nawonso anatchulidwa ndi mawu omwewa. Amene amaonera masewero pa Netflix kapena pa DStv, ngakhalenso amene bandulo yawo imathera pa TikTok, mawu amenewa anakumana nawo kale.

Mawuwa akangotchulidwa m'magulu a WhatsApp, mkangano suchedwa kubuka. Wina amati ndi za amuna okwatirana okhaokha, wina amati ndi anthu obadwa ndi ziwalo ziwiri, winanso amati ndi mwamuna wongovala diresi kuti atchuke. Atatu onsewa akunena zinthu zosiyana, ndipo palibe amene walasa. Munthu ali ndi ufulu wovomereza kapena kukana zimene akuona pa kanema, koma zimandimvetsa chisoni kuona abale akunyozana usiku wonse pa chinthu chimene sanayambe achimvetsa.

## Mawuwa amatanthauza chiyani?

Pamaliro kumudzi, abambo amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo. Palibe amene amaima pakati n'kumafunsa pokhala, aliyense amadziwa kwake. Kugawa anthu m'magulu awiri okha chonchi ndi kumene m'Chingerezi amati binary. Ndiye non-binary ndi munthu amene akunena kuti mumtima mwake sadzimva kuti ndi mwamuna, komanso sadzimva kuti ndi mkazi. Ena amati ali pakati, ena amati ali konsekonse, ena amati mmene amadzimvera zimasinthasintha.

Pali mawu ena oyandikana nawo, akuti transgender. Awa amanena za munthu amene mmene amadzimvera zikusiyana ndi zimene azamba ananena tsiku limene anabadwa. Ambiri mwa anthu a transgender sakana magulu awiri aja ayi, amangonena kuti gulu lawo ndi linalo. Mwachitsanzo, wina analembedwa kuti ndi mwamuna pobadwa koma amakhala moyo wake wonse monga mkazi. Anthu ena a non-binary amadziwerengera m'gulu la transgender, ena ayi.

Intersex ndi nkhani ya thupi. Ndi munthu wobadwa ndi ziwalo, mahomoni kapena makromozomu osagwera bwinobwino mbali ya chimuna kapena ya chikazi. Ambiri mwa iwo amakula n'kumadzidziwa kuti ndi amuna kapena akazi basi. Ndipo funso loti munthu amakopeka ndi ndani ndi lina kotheratu, chifukwa limanena za amene ukumufuna, pamene mawu a non-binary akunena za amene iwe mwini ukuti ndiwe. Chomaliza ndi chovala. Tyler Perry akavala diresi ndi wigi kuti akhale gogo Madea, kapena wazisudzo wa kwathu akamanga duku ndi chitenje kuti anthu aseke, sewero likatha amavula n'kubwerera kunyumba ali bambo. Imeneyo ndi ntchito chabe.

Azaumoyo nawonso anasintha kaonedwe kawo. M'buku lake la mayina a matenda lomwe linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, bungwe la WHO linachotsa nkhani imeneyi m'gulu la matenda a maganizo. Izi sizinathetse mkangano wa chikhalidwe ndi chipembedzo, koma zinasintha mmene olemba masewero ambiri amaiyambira nkhaniyi.

## Kale: choopsa kapena choseketsa

Kwa zaka zambiri, munthu wosaoneka bwinobwino kuti ndi mwamuna kapena mkazi ankalowa mufilimu ya ku Hollywood kudzera pa makomo awiri. Khomo loyamba linali la mantha. Mu Psycho ya mu 1960, chigawenga chimapha anthu chitavala zovala za mayi ake. Mu The Silence of the Lambs ya mu 1991, chigawenga chimapha akazi kuti chisoke chovala ndi khungu lawo. Kunena chilungamo, mafilimu awiri onsewa ali ndi malo pomwe katswiri amafotokoza kuti vuto la chigawengacho ndi lina. Koma oonera sakumbukira mawu a katswiri, amakumbukira chithunzi. Chimene chinakhazikika m'mitu ya anthu n'chakuti mwamuna wooneka ngati mkazi ndi woopsa.

Khomo lachiwiri linali la chiseko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pulogalamu yanthabwala ya Saturday Night Live inali ndi mtengambali wotchedwa Pat, yemwe ankaseweredwa ndi Julia Sweeney. Nthabwala yonse inali imodzi: anthu ozungulira Pat ankayesa njira zosiyanasiyana kuti adziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ankalephera. Mu Ace Ventura: Pet Detective ya mu 1994, mwini filimu atazindikira kuti mkazi amene anamupsompsona anabadwa mwamuna, amathamangira kukasanza, ndipo oonera amayenera kufa nacho chiseko.

Mukaonetsetsa, makomo awiriwa ali ndi chinthu chimodzi chofanana. Munthuyo ndi chinsinsi choti chiululike. Nkhani siili pa iye, ili pa anthu ena amene anyengedwa, achita mantha kapena anyansidwa. Iye alibe mayi, alibe ntchito yomudetsa nkhawa, alibe maganizo a mawa. Ntchito yake mufilimu imatha pamene chinsinsi chaululika. Filimu yofotokoza zochitika zenizeni yotchedwa Disclosure, yomwe inatuluka pa Netflix mu 2020, inasonkhanitsa zithunzi zotere za zaka pafupifupi 100, ndipo ochita zisudzo a transgender anafotokozamo mmene zinkawapwetekera ali ana, poona kuti anthu onga iwo amangooneka akusekedwa, akupha kapena akuphedwa.

Panalinso kanjira kachitatu kozembera. Wolemba akafuna kuifunsa nkhaniyi mwaulemu, ankaipititsa kuthambo. Mu 1992, sewero la Star Trek: The Next Generation linaonetsa mtundu wa zolengedwa za kudziko lina zopanda amuna kapena akazi, ndipo mmodzi wa iwo atanena kuti amadzimva kuti ndi mkazi, anzake anamukakamiza kulandira chithandizo choti asinthe. Ngakhale m'makatuni, kwa nthawi yaitali atengambali otere ankakhala maloboti, mizimu kapena zolengedwa zosintha maonekedwe. Ena amayamikira kuti njira imeneyi inatsegula khomo. Ena amadandaula kuti inkaphunzitsa ana kuti zoterezi sizichitikira munthu weniweni.

## Nyengo ya chifundo, ndi funso loti asewere ndani

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera mafilimu omvetsa chisoni. Boys Don't Cry ya mu 1999 inafotokoza za Brandon Teena, wachinyamata wa transgender yemwe anaphedwa ku Nebraska mu 1993, ndipo Hilary Swank analandira mphoto ya Oscar chifukwa chosewera mbaliyo. Jared Leto analandiranso Oscar mu 2014 atasewera mkazi wa transgender mu Dallas Buyers Club. Eddie Redmayne anasankhidwa kupikisana nawo pa mphotoyi chifukwa cha The Danish Girl ya mu 2015. Apa munthu uja sanalinso chigawenga kapena chitsiru. Anali wovutika, ndipo kawirikawiri filimu inkatha iye atamwalira.

Mafilimu amenewa anadzutsa funso lomwe lidakalipo mpaka lero: mbali zotere azisewera ndani? Mbali imodzi imati luso la zisudzo ndi kukhala chimene suli, ndipo wosewera dokotala safunika kukhala ndi digiri ya udokotala. Mbali ina imayankha ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya ntchito: ochita zisudzo a transgender sapatsidwa mbali za anthu wamba, ndiye akalandidwanso mbali zonena za iwo eni, adya chiyani? Yachiwiri ndi ya chithunzi: mwamuna wotchuka akasewera mkazi wa transgender, kenako n'kukalandira mphoto atavala suti, ndevu zili mbuu, oonera amatsimikiza mumtima kuti zonsezi ndi chovala chongovala n'kuvula. Mkanganowu unakula moti mu 2018 Scarlett Johansson anasiya mbali ina yotere anthu atadandaula, ndipo mu 2021 Redmayne ananena kuti akanakhala lero sakanavomera mbali ija.

Pa nthawi yomweyo ena anayamba kudzisewera okha. Laverne Cox wa mu Orange Is the New Black anakhala munthu woyamba wodziwika kuti ndi transgender kupikisana nawo pa mphoto ya Emmy ya ochita zisudzo za pa wailesi ya kanema mu 2014. Filimu ya ku Chile yotchedwa A Fantastic Woman, momwe munali Daniela Vega, inalandira Oscar mu 2018. Chaka chomwecho kunayamba sewero la Pose, lomwe linali ndi ochita zisudzo a transgender ambiri pa mbali zikuluzikulu, ndipo ena mwa olemba ake analinso a transgender. Komabe mbali zimene onsewa ankasewera zinali za amuna kapena akazi. Magulu awiri aja anali adakalipo.

## Taylor Mason ndi zimene zinatsatira

Ambiri amaloza chaka cha 2017 ngati pamene munthu wa non-binary anayamba kuoneka pa mbali yaikulu m'sewero la pa kanema ku America. Sewerolo ndi Billions, lonena za akatakwe a ndalama ku New York. Munalowa mtengambali wotchedwa Taylor Mason, woseweredwa ndi Asia Kate Dillon, yemwenso ndi wa non-binary. Taylor atakumana ndi bwana wa kampani, amanena dzina lake ndi mmene akufuna kuti azitchulidwira, basi nkhani n'kupitirira pa za malonda.

Chachilendo chinali pamenepa. Palibe chinsinsi choti chiululike, chifukwa mwini wake wanena yekha pa tsiku loyamba. Palibe amene akusanza, palibenso amene akulira. Taylor ndi katswiri wa masamu, wofuna udindo, nthawi zina wouma mtima, ndipo amakwera mpaka kutsogolera kampani. Woonera amamukonda kapena kudana naye chifukwa cha zochita zake pa ndalama. Mwa kuona kwanga, kusintha kwakukulu pa nkhani yonseyi n'kumeneku: munthu amene kale ena ankamufufuza, tsopano akudzifotokoza yekha, ndipo akatero ali ndi moyo wina woti tiutsatire.

Zitatero, atengambali otere anayamba kuoneka m'masewero ena otchuka. Star Trek: Discovery inabweretsa Adira mu 2020. Mu 2021 Sex Education inabweretsa mwana wa sukulu wotchedwa Cal, ndipo Grey's Anatomy inabweretsa dokotala wotchedwa Kai Bartley. Ku Canada, Bilal Baig anathandiza kulemba komanso kusewera mu Sort Of, nkhani ya wachinyamata wa m'banja lochokera ku Pakistan yemwe amalera ana a eni ake ku Toronto, uku akulimbana ndi mmene angawauzire mayi ake. M'makatuni, Steven Universe ya Rebecca Sugar inali itayamba kale kusewera ndi maganizo amenewa.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Che Diaz, mtengambali wa mu And Just Like That, anatopetsa oonera ambiri, kuphatikizapo a non-binary enieniwo, omwe ankati munthuyu akungolankhula ngati kabuku kophunzitsa. Dandaulo lina n'lakuti ambiri mwa atengambaliwa amafanana: achinyamata, owonda, ometa tsitsi lalifupi, a mutauni. Chithunzi chakale chachoka, koma chatsopanonso chayamba kuuma.

Pali kanthu kena komwe kamavutitsa olemba masewerowa kuposa mmene ife tingaganizire. M'Chingerezi n'kovuta kunena za munthu osaulula kuti ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa pali he ndi she. N'chifukwa chake ambiri a non-binary amasankha they, mawu amene kawirikawiri amanena za anthu ambiri, ndipo mu 2019 opanga dikishonale ya Merriam-Webster anawasankha kukhala mawu a chaka. Ku Sweden, mawu akuti hen, omwe saulula kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, analowa m'dikishonale yaikulu ya dzikolo mu 2015. Ku France, dikishonale ya Le Robert itaika mawu otere akuti iel mu 2021, nduna ya zamaphunziro inatsutsa poyera. Omasulira mafilimu m'Chifalansa kapena m'Chisipanishi amatuluka thukuta pa chifukwa chomwechi. M'Chichewa tikati "iye wabwera" sitinanene kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo kunena munthu mmodzi ngati ambiri ndi ulemu wa tsiku ndi tsiku. Ife pamene timagawa ndi pa moni, pamene uyenera kusankha kuti achimwene kapena achemwali, abambo kapena amayi.

## Si nkhani ya ku America kokha

Mawu akuti non-binary ndi atsopano, koma anthu osalowa m'magulu awiriwa akhala akudziwika m'zikhalidwe zina kuyambira kalekale. Ku India, Pakistan ndi Bangladesh kuli a hijra, omwe ali ndi magulu awoawo ndipo mwamwambo amapita kukadalitsa pa ukwati kapena pamene mwana wabadwa. Mu 2014 khoti lalikulu la India linagamula kuti boma liwazindikire monga gulu lachitatu. Ku Samoa kuli a fa'afafine, ku Oaxaca m'dziko la Mexico kuli a muxe, ndipo pakati pa a Hausa kumpoto kwa Nigeria kuli a 'yan daudu. Tisafulumire kuwatcha onsewa non-binary. Ambiri mwa iwo amakonda dzina la kwawo, ndipo malo awo m'mudzi amachokera ku mwambo, osati ku mabuku a ku Ulaya.

Okonda mafilimu a ku India aona okha kusintha kofanana ndi kwa ku Hollywood. Mu Sadak ya mu 1991, woipa wamkulu ndi Maharani, mwini nyumba ya uhule, munthu wankhanza zedi. M'mafilimu ena ambiri a hijra ankangotulukira kudzaomba m'manja kuti anthu aseke. Pofika mu 2023, sewero la Taali linafotokoza mbiri ya Shreegauri Sawant, mmodzi mwa amene anamenyera nkhondo chigamulo cha mu 2014 chija, ngakhale ena anadandaula kuti mbaliyo inapatsidwa kwa Sushmita Sen m'malo mwa wosewera wa transgender. Ku Pakistan, filimu ya Joyland inalandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes m'dziko la France mu 2022, ndipo Alina Khan, yemwe ndi transgender, anasewera mbali yaikulu. Kwawo boma linayamba laletsa, kenako n'kuloleza patapita masiku ochepa, koma chigawo cha Punjab chinapitiriza kuiletsa.

Okonda mpira akukumbukira kuti timu ya American Samoa inagonja 31-0 kwa Australia mu 2001. Patapita zaka khumi, timuyi inapambana koyamba pa masewero ovomerezeka ndi FIFA pogonjetsa Tonga 2-1, ndipo kumbuyo kunali wotchinga wotchedwa Jaiyah Saelua, yemwe ndi fa'afafine. Taika Waititi atapanga filimu ya nkhaniyi mu 2023, yotchedwa Next Goal Wins, mbali ya Saelua anaipereka kwa Kaimana, yemwenso ndi fa'afafine.

## Chinasintha n'chiyani kuseri kwa kamera?

Choyamba ndi ndalama. Wailesi ya kanema yakale inkadalira otsatsa malonda, ndipo inkafuna pulogalamu yoti banja lonse likhale pansi kuonera popanda wina kukhumudwa. Makampani monga Netflix amadalira ndalama zimene munthu aliyense amalipira pamwezi. Kwa iwo sewero lokondedwa kwambiri ndi gulu laling'ono ndi phindu ndithu, bola gululo lisasiye kulipira.

Chachiwiri ndi msinkhu wa oonera. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa mu 2022 anapeza kuti ku America akuluakulu pafupifupi 16 mwa 1,000 alionse amadzitcha transgender kapena non-binary, koma pakati pa osakwana zaka 30 chiwerengerocho chinali pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Kalembera wa ku Canada wa mu 2021 anapeza anthu 100,815 otere a zaka 15 kupita m'tsogolo, kutanthauza munthu mmodzi mwa 300 alionse, ndipo 41,355 mwa iwo anali a non-binary. Ndi anthu ochepa, koma ambiri ndi achinyamata, ndipo achinyamata ndi amene makampani amawalimbirana.

Chachitatu ndi amene wagwira cholembera. Anthu otere atayamba kulembedwa ntchito yolemba ndi kutsogolera masewero, nkhani zinasiya kuzungulira pa chinsinsi chokha. Intaneti inathandizanso, chifukwa munthu atha kudzijambula pa foni n'kupeza omutsatira osapempha chilolezo kwa bwana aliyense wa ku Hollywood.

Koma tisakokomeze. Bungwe la GLAAD, lomwe limalimbikitsa kuti anthu otere azioneka pa kanema ndipo limawerenga atengambali chaka ndi chaka, linapeza atengambali a transgender 42 m'masewero a ku America mu nyengo ya 2021 mpaka 2022, ndipo patapita zaka ziwiri anali 24. A non-binary anali gawo chabe la amenewa. Poyerekeza ndi masewero mazanamazana amene amatuluka, phokoso la nkhaniyi ndi lalikulu kuposa chiwerengero chake.

## Mphoto ya amuna, mphoto ya akazi

Pamene nkhaniyi imagunda khoma ndi pa mphoto. Kuyambira kale pamakhala mphoto ya wosewera wamwamuna ndi ya wosewera wamkazi. Nanga amene akuti sali mbali iliyonse alowe kuti? Asia Kate Dillon anafunsa funso limeneli kwa okonza mphoto za Emmy mu 2017. Ena amangosankha mbali imodzi, monga anachitira Newell ndi Ghee polowa m'magulu a amuna, kapena Bella Ramsey wa mu The Last of Us polowa m'gulu la akazi. Ena, monga Liv Hewson mu 2023, anakana kupikisana nawo.

Mabungwe ena anaphatikiza magulu awiriwa. Okonza mphoto za nyimbo za Grammy anachita izi kuyambira mu 2012, a MTV pa mphoto za mafilimu mu 2017, ndipo chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 2021. Ku Britain, mphoto za nyimbo za Brit zinaphatikizidwa mu 2022, ndipo woimba wamkazi Adele anapambana. Koma chaka chotsatira, onse asanu opikisana pa mphoto ya woimba wapamwamba anali amuna. Amayi ambiri anakwiya, n'kunena kuti ichi n'chimene ankaopa: magulu akaphatikizidwa m'ntchito yomwe amuna ali kale ndi mphamvu, otsala panja ndi akazi. Okonza anawonjezera opikisana kufika khumi mu 2024. A Oscar ndi a Emmy mpaka pano akusungabe magulu awiri. Apa pali zofuna ziwiri zomveka zomwe zikuwombana, ndipo palibe amene wapeza njira yokondweretsa onse.

## Otsutsa akuti chiyani, ndipo kanema amasinthadi maganizo?

Otsutsa si gulu limodzi. Achipembedzo ambiri, Akhristu ndi Asilamu, amakhulupirira kuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo kuti thupi si chinthu choti munthu azisankha. Mu Epulo 2024 likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican linatulutsa chikalata chotsutsa chiphunzitso cha jenda chotere, ngakhale linatsindikanso kuti munthu aliyense ayenera kulemekezedwa. Makolo ena nkhawa yawo ili pa makatuni: amati nkhani zotere azifotokoze okha kwa ana awo pa nthawi imene aona kuti n'koyenera. Omenyera ufulu wa amayi ena amati mtsikana wokonda mpira ndi mathalauza ndi mtsikana ndithu, ndipo kumuuza kuti mwina si mtsikana n'kubwezeretsa malire omwe amayi akhala akulimbana nawo. Mu Africa muno ambiri amaonjezera kuti mafilimu ochokera kunja akubweretsa chikhalidwe chomwe eni dziko sanachipemphe.

Ovomereza amayankha kuti anthuwa alipo kale, filimu sinawalenge. Amati wachinyamata amene akudziona kuti ndi yekha padziko lonse amapeza mpumulo akaona wina wonga iye ali ndi ntchito ndi abwenzi, ndiponso kuti zithunzi zakale zija zinathandiza kuti anthu otere azinyozedwa ndi kumenyedwa. Amatchulanso kafukufuku wa Edward Schiappa ndi anzake wa mu 2005, yemwe anasonyeza kuti kuzolowerana ndi mtengambali wa pa kanema kutha kuchepetsa tsankho mofanana ndi kudziwana ndi munthu pamaso.

Komabe kuoneka pa kanema sikutanthauza kuvomerezedwa. Bungwe la Pew lija linapeza kuti mu 2017 anthu 54 mwa 100 alionse ku America ankati umuna kapena ukazi wa munthu umatsimikizika pobadwa. Mu 2022, atengambali aja ataonekera kwa zaka zisanu, chiwerengerochi chinakwera kufika pa 60. Makampani anaona mphepo ikutembenuka. Mu Epulo 2023 mowa wa Bud Light unagwiritsa ntchito Dylan Mulvaney, mkazi wa transgender wotchuka pa TikTok, potsatsa malonda. Ogula ambiri ananyanyala, ndipo mowawo unataya malo ake oyamba pa msika wa ku America. Mu Disembala 2024 zinadziwika kuti Disney yachotsa nkhani ya mwana wa transgender m'katuni ya Win or Lose, ponena kuti makolo ambiri amafuna kukamba okha nkhani zina ndi ana awo. Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loti boma la America lizizindikira amuna ndi akazi okha, ndipo mu Epulo chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti mawu akuti mkazi m'lamulo la dzikolo loletsa tsankho akunena za wobadwa mkazi. Ndalama zomwe zinatsegula khomo zija zithanso kulitseka.

## Zimatifika bwanji kuno

Zimene timaonera kuno sizisankhidwa ku Los Angeles kokha. Mu 2016 pulogalamu ya Caitlyn Jenner, mkazi wa transgender wotchuka ku America, yotchedwa I Am Cait inachotsedwa pa DStv bungwe loyang'anira mawailesi ku Nigeria litadandaula, ndipo oonera a m'mayiko ena a mu Africa, ngakhale ku South Africa komwe malamulo saletsa, anaitayanso. Mu 2017 bungwe loona za mafilimu ku Kenya linaletsa makatuni angapo, kuphatikizapo Steven Universe, ponena kuti akulimbikitsa maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha. Koma mwana yemwe ali ndi foni ya m'manja amaona pa YouTube ndi pa TikTok zimene dishi yachotsa, ndiye kholo lomwe silidziwa kusiyana kwa mawu aja limasowa poyambira mwana akafunsa.

Atolankhani athu nawonso anakumana nalo funsoli. Mu Disembala 2009, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anachita chinkhoswe ku Blantyre, anamangidwa, ndipo mu Meyi 2010 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14, Pulezidenti Bingu wa Mutharika asanawakhululukire mwezi womwewo. Nyuzipepala za kuno ndi za kunja komwe zinalemba nkhaniyi monga ya amuna awiri okwatirana, ndipo amene ankawadzudzula ndi amene ankawaikira kumbuyo onse anailandira choncho. Koma Tiwonge mwini wake, yemwe anthu ankamudziwa kuti Aunt Tiwo, ankanena kuti iye ndi mkazi. Pa nthawiyo olemba nkhani ochepa okha ndi amene anaona kuti mawu akewo akusintha mutu wa nkhani yonse.